Kodi dikoni ndi bwana kapena wantchito? Chilwa ikaphwa m'pamene timadziwa

Inu amene mumakhalira geni ya matemba m'misika ya Limbe, Ndirande, Zomba ndi Lilongwe simusowa wokuuzani kuti nyanja ya Chilwa ikadwala, thumba lanu nalo limagona pa mphasa. Koma liliponso thumba lina lomwe limadwalira limodzi ndi nyanjayi, kungoti silikambidwa poyera. Limeneli ndi thumba la mpingo.

Ku Swang'oma ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Phalombe, chopereka cha ku tchalitchi chimachokera m'khoka, m'mono ndi m'minda ya mpunga. Matemba, makumba ndi milamba zikagwa bwino, mbale imabwerera kutsogolo italemera. Nyanja ikaphwa, mbale imabwerera ndi tindalama tosakwana n'kugula sopo komwe, pomwe pakhomo pa tchalitchi padzaza amayi amasiye, nkhalamba ndi ana opanda wowayang'anira. Nthawi yotereyi maso onse amathera pa munthu mmodzi, uja woyendetsa mbale, wowerenga ndalama ndi kusunga kiyi wa kabati. Ameneyu ndiye dikoni.

Tsono mkangano umayambira pompo. Ena amati udikoni ndi udindo woikidwa ndi Mulungu, wolembedwa m'Baibulo, choncho dikoni akalankhula munthu wamba asamafunse zambiri. Ena amakana kwa mtuwagalu, ati m'Baibulo mulibe mpando wotere, adangoupeka azungu a mishoni, ndipo aliyense wosesa m'tchalitchi ndi dikoni kale. Mkangano umenewu mudaumvapo pa maliro, m'minibasi, ngakhale pa benchi podikira kasitomala. Nanga zoona zili pati? Tiyeni tilitsegule Bukulo tione, chifukwa pankhaniyi pagona ndalama zanu ndi nsima ya amasiye.

Nyanja ya mavuto obwerezabwereza

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma khalidwe lake n'lachilendo. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathira madzi m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa. Madzi ake ndi amchere ndipo ndi yosazama, moti malo ambiri asodzi amangokankha bwato ndi nsungwi. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, dzuwa limaimwa yonse. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, idachepa koopsa mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato adagona pa thope long'aluka, anthu n'kumayenda wapansi pamalo pomwe kale ankaponya makoka.

Madzi akapanda kusowa amabwera mopyola muyeso. Mu Malichi 1991 Napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachitanso chimodzimodzi, dera la Nkhulambe n'kusanduka bwalo la maliro. Pakati pa zonsezi pali kolera, yomwe imakonda kugwira asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa nyanja, kumene madzi akumwa ndi a chimbudzi ndi amodzi.

Tsoka lililonse mwa amenewa limasiya amasiye. Ndipo thandizo likabwera, kaya ndi matumba a ufa, mabulangete kapena zovala zosonkhedwa ndi Akhristu a m'tauni monga inu, kawirikawiri limadzera ku mipingo, poti mpingo ndiwo uli ndi nthambi pafupifupi m'mudzi uliwonse. Wina ayenera kulemba mayina. Wina ayenera kugwira chitini choyezera. Dandaulo lomwe limamveka paliponse pogawidwa zaulere mukulidziwa: alemba abale awo, ife atidumpha. Ndiye funso loti dikoni ndani, adamuika ndani, nanga amayankha kwa yani, kuno ku nyanja ndi funso la m'mimba. Tikalisiyira ana a sukulu ya ubusa okha tidzagona ndi njala.

Liwu la ku khitchini

Chipangano Chatsopano chidalembedwa m'Chigiriki, ndipo liwu loti dikoni lidachokera ku liwu lawo loti diakonos. Musaganize kuti linali liwu lopatulika la m'kachisi, ayi. Linali liwu la tsiku ndi tsiku, lotchulira wantchito woperekera chakudya pa tebulo, kapena munthu wotumidwa ndi mkulu wake kukafikitsa uthenga kapena katundu. Limapezeka pafupifupi ka 30 m'Chipangano Chatsopano, ndipo malo ambiri silikunena za udindo wa mumpingo.

Pa ukwati wa ku Kana, pa Yohane 2, antchito aja adatunga madzi kudzaza mitsuko akutchedwa ndi liwu lomweli. Pa Aroma 13:4 Paulo akulipereka kwa wolamulira wa boma, munthu woti mwina sadapondepo n'komwe pa msonkhano wa Akhristu. Pa 1 Akorinto 3:5 akudzitcha nalo iye mwini pamodzi ndi Apolo. Pa Aroma 15:8 akulipereka kwa Yesu amene. Ndipo gwirani mtima amangwetu, pa 2 Akorinto 11:15 akuti ngakhale Satana ali nawo ake! Yesu nayenso, ophunzira ake atakwiyitsana chifukwa cha mipando yonona pa Marko 10, adawauza kuti wofuna ukulu pakati pawo ayambe wakhala diakonos wa anzake.

Apa ndiye mbali ija yoti Mkhristu aliyense ndi dikoni yamwetsa chigoli choyamba. Koma musathamangire kuvina, mpira sunathe.

Mlandu wa amasiye ku Yerusalemu

Mukafunsa mlaliki aliyense kuti udikoni udayambira pati, akutsegulirani Machitidwe 6. Nkhani yake imamveka ngati yachitika dzulo pa malo ogawira chimanga. Mpingo wa ku Yerusalemu unali ndi magulu awiri a Ayuda, olankhula Chigiriki ndi olankhula chinenero cha makolo awo. Tsiku ndi tsiku pankagawidwa chakudya kwa amayi amasiye. Olankhula Chigiriki adayamba kung'ung'udza kuti amasiye awo akudumphidwa. Tsankho pa nsima, mumpingo woyamba weniweni, atumwi ali pompo!

Atumwi 12 aja sadatseke anthu pakamwa, ndipo sadanene kuti odandaulawo ndi osapemphera. Adaitanitsa mpingo wonse n'kuuza anthu kuti asankhe okha amuna 7 a mbiri yabwino, anzeru ndi odzazidwa ndi Mzimu, oti aziyendetsa za chakudyazo, iwo apitirize kupemphera ndi kulalikira. Anthu adasankha Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao wa ku Antiokeya, ndipo atumwi adawapempherera ndi kuwasanjika manja.

Pali zinthu zitatu apa zomwe alaliki ambiri amazilumpha. Choyamba, mayina onse 7 ndi Achigiriki, n'chifukwa chake akatswiri ambiri a Baibulo amakhulupirira kuti chitini choyezera chidaperekedwa kwa mbali yomwe idadandaula ija. Ku Chilwa kumene Alomwe, Anyanja, Ayao ndi abale ochokera tsidya la Mozambique amakhalirana benchi limodzi m'tchalitchi, phunziro limeneli liposa ulaliki wa maola awiri. Chachiwiri, osankha anali anthu wamba, atumwi adangovomereza ndi kudalitsa. Chachitatu, ndipo apa ndiye povuta, Luka wolemba bukuli sakuwatcha amuna 7 amenewa madikoni pena paliponse. Mawu oti kutumikira alipo, koma dzina la udindo palibe. Stefano tikumuona akulalikira mpaka kuphedwa ndi miyala. Filipo tikumuona ku Samariya, kenaka akubatiza nduna ya ku Etiopia, ndipo pa Machitidwe 21:8 akutchedwa mlaliki, mmodzi mwa 7 aja. Amene adayamba kunena kuti Stefano anali dikoni woyamba ndi olemba a pambuyo pake, monga Irenaeus wa ku Lyon cha m'ma 180.

Pomwe mpando ukuonekera

Tsono mbali inayo isataye mtima, nayo ili ndi umboni wake ndipo ndi wolimba. Poyamba kalata yake ya kwa Afilipi, yomwe idalembedwa pakati pa zaka za 55 ndi 62, Paulo akupereka moni kwa Akhristu onse a mumzindawo, kenaka n'kutchula magulu awiri padera, oyang'anira ndi madikoni. Munthu sapatula gulu pa moni ngati gululo silidziwika. Mukalandira kalata pa msika yoti moni kwa nonse pamodzi ndi a komiti, ndiye kuti komitiyo ilipo ndipo aliyense akuidziwa.

Umboni waukulu uli pa 1 Timoteo 3:8-13. Kalatayi, yomwe akatswiri ambiri amati idalembedwa mochedwerapo mipingo itayamba kukhazikika, ikundandalika zomuyenereza munthu kukhala dikoni, itangomaliza kundandalika za woyang'anira mpingo. Akhale munthu woti anthu n'kumupatsa ulemu. Asakhale wa pakamwa pawiri, uja wouza abusa china anthu china. Asakhale chidakwa. Mtima wake usakhale pa phindu lachinyengo. Akhale wa banja limodzi, wodziwa kuwongolera ana ndi zapakhomo pake. Ndipo asanapatsidwe ntchito ayambe wayesedwa, akapezeka kuti alibe banga m'pamene ayambe. Munthu salemba mayeso a ntchito yomwe kulibe. Apa palibe kozembera: pofika nthawi ya kalatayi, udikoni unali udindo wodziwika, wokhala ndi khomo lake lolowera.

Koma taonani zomwe mulibe. Kalatayi sikutchula ntchito ya dikoni ngakhale imodzi. Sikunena kuti akhale angati, atumikire zaka zingati, avale chiyani kapena akhale mpando uti. Woyang'anira akufunidwa kuti adziwe kuphunzitsa, dikoni ayi. Kalata ya kwa Tito, yolangiza za kuika akulu m'mipingo ya pa chilumba cha Krete, za madikoni sikuzikhudza n'komwe. Baibulo latipatsa khalidwe la munthuyo, ndipo ntchito yake laisiya m'dzina lake lomwelo, loti wotumikira.

Omasulira nawo adathirapo mchere wawo. Baibulo la Chingerezi la King James la 1611, lija alaliki ambiri a m'misewu ndi m'mabasi amalikonda, pa ndime 10 ndi 13 lidaonjezera liwu loti ofesi, pomwe Chigiriki changonena za kutumikira basi. Buku Lopatulika lathu, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922 pa ntchito ya William Murray ndi anzake, lidatsata njira ina. Pa Afilipi ndi pa Timoteo pomwe lidangolemba kuti atumiki. N'chifukwa chake agogo owerenga Chichewa chokha akhoza kulumbira kuti liwu loti dikoni m'Baibulo mwawo mulibe, ndipo sakunama. Mnyamata wa King James naye akhoza kulumbira kuti ofesi ya dikoni ilimo, nayenso sakunama. Awiriwa akutha malovu chifukwa cha omasulira.

Nanga amayi?

M'misika ya nsomba ndi m'matchalitchi momwe, ochuluka ndi amayi, ndiye funso ili sitingalidumphe. Pa Aroma 16:1-2 Paulo akuyamikira mayi wina dzina lake Febe, n'kumutcha diakonos wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la pafupi ndi mzinda wa Korinto. Liwu ndi lomwe lija la pa Afilipi, lomwenso amatchulira amuna. Akuti mayiyu adathandiza anthu ambiri, Paulo yemwe ali m'gulu la othandizidwawo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndiye adanyamula kalata ya kwa Aroma kukaifikitsa. Mayi wa pa doko, wooneka kuti anali ndi kangachepe, wosaopa ulendo. Amayi a geni ya nsomba, ameneyu mukumuona kuti ndi mnzanu eti?

Pa 1 Timoteo 3:11, pakati penipeni pa malangizo a madikoni, pali ndime yonena za akazi. Liwu la Chigiriki pamenepo limatanthauza mkazi aliyense komanso mkazi wa munthu, monga momwe zilili m'Chichewa. Ndiye ena amati akunena akazi a madikoni, ena amati akunena madikoni aakazi, ndipo mkanganowu ukadalipo. Chodziwika n'choti mipingo yakale inali nawo amayi otere, poti msonkhano wa mabishopu wa ku Chalcedon mu 451 udalamula kuti mayi asaikidwe pa udikoni asanakwanitse zaka 40. Papa Francis adakhazikitsa makomiti awiri, mu 2016 ndi mu 2020, ofufuza nkhaniyi, koma mpingo wa Katolika sudzoza amayi udikoni. Mpingo wa Orthodox udadzoza mayi wina udikoni ku Harare mu Meyi 2024, nkhani n'kumveka dziko lonse lapansi. Kuno kwathu a CCAP mu sinodi ya Blantyre ndi a Seventh Day Adventist ali nawo amayi pa ntchitoyi ndipo palibe akudabwa.

Kiyi wa kabati amakuza mutu

Atumwi atatha, udikoni udakula msanga. Cha m'ma 110 Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, ankalemba kale za maudindo atatu: bishopu, akulu ndi madikoni. Mu 251 bishopu Cornelius wa ku Roma adalemba kuti mpingo wake unali ndi ansembe 46 ndi madikoni 7 okha, ndipo unkasamalira amasiye ndi ovutika opitirira 1,500. Oyendetsa thumba la thandizo lotere anali madikoni.

Mmodzi mwa madikoni a ku Roma, Lawrence, adaphedwa mu 258 pa nthawi ya mfumu Valerian. Mbiri ya mpingo imasimba kuti akuluakulu a boma atamulamula kuti apereke chuma cha mpingo, iye adasonkhanitsa osauka, olumala ndi amasiye n'kuwaloza kuti chumacho ndi chimenechi. Koma si onse anali ngati Lawrence. Wosunga thumba sachedwa kumera mapiko. Pofika 325, msonkhano wa ku Nicaea udachita kuika lamulo lokumbutsa madikoni kuti adziwe malire awo, asamakhale pakati pa ansembe ndiponso asamalandire mgonero akuluakulu awo asanalandire. Matenda odzikweza a wogwira kiyi ndi akale ndithu.

M'kupita kwa zaka, ku mpingo wa Katolika udikoni udasanduka khwerero lopitira ku unsembe, mpaka msonkhano wachiwiri wa ku Vatican udatsegulanso khomo la madikoni okhazikika, ngakhale apabanja, ndipo Papa Paulo VI adaika malamulo ake mu 1967. Ku Geneva, John Calvin mu 1541 adaubwezera udikoni ku nkhani ya amasiye ija. Dikoni wake anali wosunga thumba la osauka ndi wosamalira odwala. Mipingo ya ku Scotland ndi ya Dutch Reformed, yomwe idabala CCAP, idatengera mzere umenewu.

Madikoni 7 a ku Blantyre

Kuno kwathu mbiri ya udikoni ili ndi fungo la ndale. David Clement Scott, mbusa wa ku Scotland yemwe adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891, ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Africa uyenera kutsogozedwa ndi eni nthaka. M'zaka za 1893 ndi 1894 adasankha ndi kudzoza anthu akuda 7 kukhala madikoni, nambala yomwe ija ya ku Yerusalemu. Adawapatsa mphamvu zenizeni, zoyendetsa nthambi za mishoni ndi kuweruza nawo milandu ya mumpingo, zomwe azungu ena a kuno ndi a ku Scotland komwe sadakondwe nazo.

Mwa iwo munali Harry Kambwiri Matecheta, amene mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha adakhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre. Munali Mungo Murray Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. Munalinso John Gray Kufa, wophunzira za chipatala, yemwe adatumidwa kukagwira ntchito pakati pa Alomwe tsidya la Mozambique, dziko la kuseri kwa Phalombe ndi Chilwa. Kufa yemweyu adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 chifukwa chokhala mbali ya John Chilembwe. Onena kuti udikoni ndi chinthu cha azungu akumbukire kuti pa mishoni ya Blantyre ndilo lidali khomo lomwe munthu wakuda adalowera pa utsogoleri wa mpingo, ndipo mmodzi mwa olowawo adapita kwa Alomwe atanyamula mankhwala a odwala.

Dzina limodzi, ntchito zosiyana

Muyende lero kuchoka pa Migowi kukafika ku nyanja, mupeza madikoni amitundumitundu. Wa Katolika kawirikawiri ndi mnyamata wa ku seminale ya St Peter's ku Zomba amene watsala pang'ono kudzozedwa unsembe. Amabatiza, amalalikira, amadalitsa ukwati, koma satsogolera nsembe ya Misa ndipo salapitsa. Ku Anglican nakonso munthu amayamba udikoni asanakhale wansembe. Ku CCAP dikoni ndi Mkhristu wamba wosankhidwa, kaya msodzi kaya mayi wa geni, wotolera zopereka ndi masika ndi kusamala katundu wa mpingo, pomwe ulamuliro uli ndi abusa ndi akulu a mpingo. A Seventh Day ali ndi madikoni ndi madikonesi okonza za mgonero ndi ubatizo ndi kuyendera odwala. A Mboni za Yehova, omwe adaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, amati mtumiki wothandiza.

Chibwerere matipate, mipingo yatsopano yamera ngati bowa, ndipo maudindo nawo achulukana: atumwi, aneneri, mabishopu. Pakati pa mipando yotereyi anthu amadandaula kuti kwina udikoni wasanduka mphatso yomangira mwendo wa munthu wa thumba lolemera, kuti asathawire kwa mneneri wa tsidya lina la msewu. Akangoikidwa, suti yabwera, benchi la kutsogolo lapezeka, pa maliro mbale ya nyama imayambira kwa iye. Tsache aliiwala.

Mipingo yonseyi imaloza mavesi omwe aja, ochepa omwe aja. Palibe ungatsimikize kuti dongosolo lake lonse lidatsika kumwamba, chifukwa Baibulo silidapereke dongosolo lonse.

Tigamule bwanji?

Yankho ndi ili. Udikoni ulimo m'Baibulo ngati udindo wodziwika, pa Afilipi 1:1, pa 1 Timoteo 3, ndipo mwinanso pa mayi Febe uja. Onena kuti adaupeka azungu a mishoni alakwa. Koma onena kuti dikoni safunsidwa alakwa koposa. Udindowu dzina lake lenileni ndi wantchito, zomuyenereza munthu zikukamba za pakamwa, mowa, ndalama ndi pakhomo, ndipo nkhani yomwe mipingo idatengerapo chitsanzo ndi ya amasiye odumphidwa pa chakudya, mlandu womwe udathetsedwa poitanitsa anthu onse.

Paulo amene, mtumwi wamkulu, potolera thandizo la osauka a ku Yerusalemu sadalole kuti thumba liyende ndi munthu mmodzi. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akufotokoza kuti mipingo idasankha m'bale wina woti ayende nawo, kuti pasapezeke wowaloza chala pa za ndalamazo. Ngati Paulo adalola kuperekezedwa, nanga dikoni wa ku Swang'oma kapena wa ku Ndirande akukwiyiranji mukamufunsa lisiti?

Inu a geni mumadziwa kuti thumba la matemba sililipiridwa usanapise dzanja pansi kuona ngati sadaikeko mchenga kapena zofumbwa. Nzeru yomweyo musaisiye pa chipata cha msika polowa m'tchalitchi. Funsani kuti chopereka chimawerengedwa ndi anthu angati, ndipo chimalengezedwa liti. Funsani kuti pa K1,000 iliyonse yolowa, kaya ya chakhumi kaya ya Pepa Sande, ndi zingati zimafika kwa amasiye ndi odwala, nanga ndi zingati zimathera pa mphatso za akuluakulu. Mukasonkha zovala ndi ufa zopita ku Phalombe, pemphani kuti mayina a olandira awerengedwe poyera pamaso pa mpingo wa kumeneko, ndipo pakhale amayi pakati pa ogawawo, poti ndiwo amadziwa nyumba yomwe moto sudayake dzulo. Kufunsa zimenezi si kugalukira mpingo. Ndi zomwe adachita olankhula Chigiriki aja, ndipo atumwi adawamvera.

Nthawi ya masankho a mumpingo ikafika, mayeso abwino muli nawo kale pa msika pompo. Munthu amene amayezera makasitomala chitini chophwanya kunsi, kapena amene akakongola mpamba kwa mnzake amayamba kudzera njira ya kuseri, ameneyo walephera 1 Timoteo 3:8 ngakhale aimbe bwino chotani. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, tsono onani kaye mbuzi yomwe mukuimangirira pa nkhokwe ya amasiye. Ndipo amene mumamuona akubweza chenji cha mwana wotumidwa osachotsapo kanthu, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, kaya ndi Mlomwe kaya ndi Myao, mukwezereni dzanja ngakhale alibe suti.

Kwa inu amene muli kale pa udikoni, makamaka m'mipingo ya m'mbali mwa nyanja, mbiri ya 1968, 1995, 2012 ndi 2018 ikuuza aliyense kuti Chilwa idzaphwanso. Nkhanga zidapangana kusanapse. Chaka chomwe nsomba zagwa bwino ndicho chaka chopatula thumba la amasiye, kulilemba m'buku, ndi kuika anthu atatu osiyana mabanja oti azisainira. Buku lotere likamawerengedwa pamaso pa anthu miyezi itatu iliyonse, palibe adzakufunseni ngati mpando wanu uli m'Baibulo.